Ng'ombe tinadya chaka chatha, koma ikugulitsidwabe

Lachiwiri lapitali ndinali kumudzi, kuseri kwa Santhe, m'chigafa cha amalume anga a Kamtedza. Ndinapita kukawathandiza kusankha fodya, ngakhale thandizo langa ndi lija la tsamba limodzi m'manja, nkhani khumi pakamwa. Tili mkati mosankha tinamva lole ikuima pabwalo. Munatsika bambo wina wamfupi, thukuta lili kamukamu, chingwe chatsopano chili paphewa.

"Odi kuno. Ndi pano pa madala a ng'ombe?"

Amalume anatuluka akupukuta manja. Mlendoyo atangowaona nkhope anamwetulira.

"Eya, ndinu amene. Ine ndine Jere, ndachokera ku Mponela. Ndabwera kudzatenga ng'ombe yanga ija."

"Ng'ombe iti, bambo?"

A Jere anatulutsa foni. Pachithunzipo panali ng'ombe yofiira, ya nyanga imodzi yopindikira pansi. Pambali pake panali amalume, atavala jekete yakuda ndi tayi, dzanja lili pamsana pa ng'ombeyo.

Amalume anayang'anitsitsa, kenako anausa moyo.

"Ameneyu ndi Sajeni," anatero. "Tinadya."

"Mwadya liti? Dzana lomweli tagwirizana mtengo pafoni, dipoziti ndatumiza."

"Chaka chatha, pa mwambo wa chiliza cha mayi anga. Mwana wa mlongo wangayu anadya nawo, mufunseni."

Ndinavomera ndi mutu. Ndinadyadi, ndipo ndinabwereza.

Ndikufotokozereni mmene zinayambira. Sajeni inali ng'ombe yokoka ngolo. Inzake itafa ndi matenda, amalume anaona kuti ng'ombe imodzi singasenze goli, yangotsala yomaliza udzu. Che Amidu, amene ali ndi golosale pa Santhe komanso foni yojambula bwino, anawalangiza kuti aiponye pa gulupu ina ya malonda ya pa intaneti, poti kumeneko ogula ndi ambiri kuposa a tsiku la msika.

Tsono amalume ndi a m'badwo uja umene chithunzi sichijambulidwa wamba. Tsiku lojambula anasamba, anameta ndevu, n'kutulutsa jekete imene anagula ndi fodya wawo woyamba kulowa ku okushoni. Ndi jekete yomweyo imene amavala pogawa mgonero, poti ndi mkulu wa mpingo.

"Madala, tikujambula ng'ombe, osati inu," anatero Che Amidu.

"Ng'ombe ndi yanga. Wogula aone kuti ili ndi mwini wake."

Anaima chilili, dzanja pamsana pa Sajeni kuti msinkhu wake uoneke. Chithunzi chinaponyedwa. Wogula sanapezeke, poti mtengo wa amalume unali wa munthu wosafuna kugulitsa. Chiliza chitafika, Sajeni analowa m'miphika, ndipo Che Amidu anafufuta malondawo pa gulupu. Ife tinkayesa nkhani yathera pomwepo.

A Jere ndi munthu wachitatu kubwera ndi chingwe. Onse njira yawo ndi imodzi. Amatumiza ndalama ku nambala yachilendo, nambalayo imazima, iwo amayamba kuyenda ndi chithunzi m'misika mpaka wina pa Santhe anene kuti, "Awa si a Kamtedza awa?" n'kuwalozera njira.

Ndinkayembekezera mkangano, koma a Jere anangokhala pansi pa mtolo wa udzu, chingwe chili pamiyendo.

"Ine ng'ombeyo sindinaiyang'anitsitse n'komwe," anatero motsitsa mawu. "Ndinayang'ana jeketeyo. Ndinati munthu wovala chonchi sangandibere."

Mawu amenewa anawapweteka amalume kuposa chipongwe chilichonse. Ndinawaona nkhope ikugwa, ndipo nane ndinamva chisoni. Munthu ameneyu alibe galimoto, alibe nyumba ya malata atsopano. Chuma chake chonse ndi choti akanena mawu, anthu a m'dera lino safunsanso mboni. Tsono mphekesera inali itafika kale ku tchalitchi kuti mkulu wa mpingo akugulitsa ng'ombe imodzi kwa anthu atatu. Abusa anali atatumiza uthenga woti Lamulungu akatha mapemphero akulu ampingo akhala pansi, ndipo kufikira nkhaniyo itaweruzidwa, amalume asakhudze mbale ya mgonero.

A Jere tinawapatsa madzi akumwa ndi chinangwa, anabwerera ndi lole yopanda kanthu. Mawa lake ine ndi amalume tinapita kwa Che Amidu kuti tifufuze pamene Sajeni wafika.

Abale anga, ng'ombe imeneyi yayenda itafa kuposa mmene inayendera ili moyo.

Ku Mchinji ikugulitsidwa ngati nkhunzi ya mbewu yabwino. Ku Dowa ndi yophunzitsidwa kulima, ndipo akuti imamva Chichewa ndi Chitumbuka chomwe. Ku Mzimba, Sajeni yemwe anafulidwa ali thole, ali ndi bere la miyezi ingapo ndipo amatulutsa mkaka wambiri. Ponseponse amalume ali pomwepo, tayi ili pakhosi, akuchitira umboni.

Sizinathere pa ng'ombe. Ena anzeru anaona kuti chokoma pachithunzipo si nyama ayi. Anadula Sajeni n'kumutaya, anasunga amalume. Dzanja lija linali pamsana pa ng'ombe tsopano lili pa thumba la feteleza. Kwina lili pa filiji. Kwina lili pa njinga yamoto, ndipo pansi pake alemba kuti madala akuigulitsa chifukwa maondo akuwavuta.

"Maondo ake ati?" anafunsa amalume. "Ine ndimapalasa njinga mpaka ku Boma."

Wamkulu wa onsewo ndi wina wodzitcha Madala Wachilungamo, amene ali ndi omutsatira ochuluka zedi. Che Amidu analembera adimini wa gulupu, uja amayang'anira zoponyedwa, kumufotokozera mwaulemu kuti chithunzicho anajambula ndi iwo, ndipo mwini nkhope ali pompano, wakhala pa kireti ya zakumwa.

Yankho linabwera msanga. Adimini anati chithunzicho ndi cha Madala Wachilungamo, membala wawo wakale wosavuta, ndipo anthu ansanje ofuna kuba nkhope ya madalawo achuluka masiku ano. Ngati tikunena zoona, titumize chithunzi chatsopano cha madala athuwo ali ndi ng'ombe yomweyo.

Mwamva? Amalume akuganiziridwa kuti akuba nkhope ya amalume.

Ine ndinapsa mtima, ndinkafuna kumulembera adiminiyo mawu oti sangasindikizidwe m'nyuzipepala ino. Amalume anandiletsa. Kenako nkhope yawo inawala.

"Chikopa chilipo," anatero. "Nyanga zilinso pa khola."

Madzulo a tsiku lomwelo Che Amidu anabwera kumudzi ndi foni yawo. Chikopa cha Sajeni tinachiyala pamwamba pa ngolo. Ine anandiika kutsogolo, nditagwada, nditagwira nyanga ziwiri m'malo mwa mutu, yopindika ija kumanzere monga zinalili. Amalume analowa m'nyumba, ndipo anatuluka atavala jekete ndi tayi.

"Amalume, jekete yomweyonso?"

"Nanga akandizindikira bwanji?"

Mfundo yawo inali yomveka. Anaika dzanja pa chikopa, Che Amidu anajambula, chithunzi chinapita.

Adimini anayankha kuti ng'ombe yathu sikufanana ndi ya pachithunzi choyamba chifukwa ilibe miyendo. Atatero anawachotsa Che Amidu pa gulupu, pa mlandu wosokoneza malonda a anthu.

Tsono ndikufunseni inu amene mukuwerenga. Chithunzi chimene munaponya mwezi watha pogulitsa sofa, mbuzi kapena diresi ya ukwati, mukudziwa kumene chagona lero?

Kwathu kuno belo ya fodya siyenda yopanda nambala ya mlimi. Ichoke m'chigafa, ikwere lole, igone pamzere ku okushoni milungu ingapo, aliyense akaiona amadziwa mwini wake. Wina akaisintha nambala, ndi mlandu wa kupolisi. Koma chithunzi chokhala ndi nkhope ya munthu, nyumba yake ndi khola lake chimatengedwa ndi chala chimodzi, ndipo palibe amene amachita manyazi.

Tisanamizire akuba okha. Tonse timachita. Telala amaonetsa suti imene sanasokepo. Mayi wogulitsa makeke amaponya keke ya ukwati wa anthu a kudziko lina. Mnyamata wogulitsa nkhuku akaona kuti zake zanyowa ndi mvula, amatenga chithunzi cha nkhuku za mnzake. Mukamufunsa amati, "Ndi chitsanzo chabe, bwana." Khasu la mnzathu timabwereka ndi odi, ndipo pobweza timanena zikomo. Chithunzi chake timangotola ngati bowa wa m'tchire.

Anzanga odziwa za mafoni akuti mankhwala ake ndi kulemba dzina ndi nambala pakati penipeni pa chithunzi. Chabwino. Koma munthu amene anatha kuchotsa ng'ombe yathunthu n'kuikapo filiji, angalephere kuchotsa nambala? Ena akuti udandaule kwa eni ake a intaneti. Ali kuti? Amalume anafunsa ngati ali ndi ofesi ku Boma kuti apalase njinga akaonane nawo maso ndi maso. Titawauza kuti kulibe, anafunsa kuti nanga munthu akalakwiridwa amakagwada kwa yani.

Chimene ndikudziwa n'chakuti wogulitsa ayenera kukhala ndi mphamvu yonena kuti malonda atha, chithunzi changa chichoke, ndipo mawu akewo amveke. Amene amayendetsa magulupu amenewa, poti amakonda kutchedwa mabwana, aphunzire kufunsa woponya chithunzi kuti katunduyo ali naye pafupi kapena ayi, asanayambe kufunsa wodandaula kuti adzutse ng'ombe yakufa.

Lamulungu linafika. Mapemphero atatha, akulu ampingo anatsalira m'kachipinda ka kuseri, ndipo ine anandiitana ngati mboni. Amalume anakhala pa benchi yakutsogolo okha, zipewa zili m'manja mwa anzawo, maso onse ali pansi. Sindinawaonepo ali aang'ono chotero.

Abusa anafotokoza nkhani yonse mwaulemu, kenako anafunsa.

"A Kamtedza, tiuzeni zoona pamaso pa anzanuwa. Ng'ombe imeneyi ili kuti?"

Amalume anaimirira, anakonza tayi.

"Abusa, chiwindi munatenga ndinu."

Kenako mkulu wina wa kumbuyo anakhosomola n'kunena kuti iye analandira nthiti. Wina anati kwawo kunapita mwendo wakutsogolo, ndipo unali wolimba, umachita kuonetsa kuti ndi wa ng'ombe ya ngolo. Mlembi anavomera kuti anatenga zam'kati. Posakhalitsa Sajeni yense anapezeka m'chipindamo, chiwalo ndi chiwalo, ndipo abusa anaseka mpaka kuvula magalasi. Mlandu unathera pomwepo. Abusa anawauza amalume kuti mgonero ukubwerawu agawa ndi iwo.

Tinatuluka mitima ili m'malo. Amalume ankayenda ngati mnyamata, akupereka moni ngakhale kwa anthu amene anali atawapatsa kale m'mawa. Tikudutsa pa Santhe, Che Amidu anatikodola kuchokera pakhonde la golosale. Sanali kuseka.

"Madala, bwerani muone. Mwana wanga wandionetsa pa foni yake."

Chinali chithunzi chathu cha Lachitatu. Ngolo, chikopa, amalume ndi jekete yawo, ine nditagwada ndi nyanga m'manja. Pamwamba pake Madala Wachilungamo analemba kuti zikopa zabwino za ng'oma ndi mipando zilipo zambiri, tumizani dipoziti, ndipo mnyamata wagwira nyangayo ndi amene adzakubweretsereni.

Chithunzi chimenecho tinatumizira munthu mmodzi yekha. Yemwe uja anati ng'ombe yathu ilibe miyendo.

Tsono ngati mwatumiza kale dipoziti ya chikopa, chonde musandiimitse pamsewu. Ndilibe chikopa, ndipo nyanga ndinabweza pa khola.

Amalume anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Pansi pake anthu anali atayamba kale kulemba. Wina anati madala awa ndi okhulupirika, anagulako filiji kwa iwo. Wina anafunsa ngati angapeze zikopa zisanu pofika Loweruka. Ndinaganiza za a Jere ndi lole yawo yopanda kanthu, ndipo ndikhulupirira kuti amalume ankaganiza zomwezo, poti akulu ampingo khumi akhoza kukukhululukira, koma a chingwe akubwerabe.

Anamasula tayi n'kuiika m'thumba. Kenako anavula jekete ija pakhonde pomwepo, anthu akuona, anaikung'untha fumbi, anaipinda bwinobwino monga amachitira akachoka ku mgonero, n'kundipatsa.

"Ukapita ku tauni ukaigulitse," anatero.

"Amalume, mgonero mukagawa mutavala chiyani?"

"Shati ilipo."

Anakwera njinga yawo. Atapalasa pang'ono anaima, n'kutembenuka.

"Koma iwe, usakaijambule."