Oyilo Wakuda wa Nsanamira za Amayi

Kuseri kwa nyumba yathu ya malata, kumtunda kwa Lizulu, kuli kanyumba kaudzu kokhala ndi khonde la nsanamira zisanu ndi imodzi. Kanyumbako anamanga ndi amayi, okha, bambo ali kumigodi ku Joni, ndipo ine ndinabadwira momwemo. Amayi atamwalira tinkangosungiramo makasu ndi mbewu ya mbatatesi. Kangapo konse ndinanena kuti tingokagwetsa, kakutichititsa manyazi alendo akabwera. Sindinkadziwa kuti kanyumbako kanali chiimire chifukwa cha oyilo wakuda wochokera m'galimoto yanga, amene bambo ankapaka nsanamira zake kuti chiswe chisadye. Ndinatsala pang'ono kukagwetsa osakakhudza n'komwe, pongogula galimoto yatsopano.

Ine ntchito yanga ndi ya mbatatesi. Ndimagula kwa alimi akwathu ndi a kutsidya kwa msewu, ku Mozambique, n'kukagulitsa ku Blantyre. Kwa zaka zambiri ndinkayendera pikapu yakale imene ndinagula itatopa kale. M'mawa uliwonse inkayamba yatsokomola, chitseko chakumanzere tinkachita kumanga ndi lamba, koma inkafika. Inkafika chifukwa cha bambo. Ku Joni ntchito yawo inali yothira oyilo ndi girizi m'makina opopa madzi pansi pa mgodi, ndipo anabwerako ndi chifuwa chosatha, masipanala atatu, ndi chikhulupiriro chakuti palibe makina oipa, alipo ndi eni ake aulesi.

Miyezi iwiri iliyonse, Loweruka, ankandiuza kuti ndiimike galimoto pansi pa mtengo wa pichesi. Ankailiza pang'ono kuti oyilo afunde, n'kuyala thumba, n'kulowa kunsi chagada. Akamasula nati, oyilo ankatsikira m'beseni, wakuda bii. Ndiye ankaviika chala, kumutikita ndi chala chachikulu, kumununkhiza, n'kuyamba kundiwerengera machimo anga.

"Iwe, wakhala ukuthamanga. Ndipo matumba ukupachika opyola muyeso."

Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti sankaphonya. Akatha ankathira oyilo watsopano, kusintha sefa, n'kukhuthulira wakudayo m'chigubu chachikasu, ulendo nacho kuseri kwa nyumba. Sindinafunsepo kumene ankapita naye. Ndinkaganiza kuti amagawira anzawo a ngolo, ndipo kunena zoona, mutu wanga unkakhala uli kale pa msewu.

Bizinesi itayenda ndinagula pikapu yatsopano, yoyera, mipando yake ili m'mapepala. Yakale ija ndinagulitsa kwa munthu wa ku Kandeu, inapita ikutsokomola. Ku Lilongwe kumene ndinagula yatsopanoyo, bambo wina wa tayi anandikhazika pampando n'kundilangiza ngati mkwatibwi. Anati m'galimotomo muli oyilo wa sinthetiki, wopangidwa mwaukatswiri, amene sapsa msanga ndipo amayenda mtunda wautali asanasinthidwe. Anandipatsa kabuku koti azidindamo ndikabwera ku sevisi. Kenaka anatsitsa mawu: munthu wina aliyense akangomasula kanthu pa injini, ikadzawonongeka iwo sadzaikonza ulere. Mawu amenewo ndinawakonda kwambiri. Ndinawanyamula mpaka kumudzi ngati ndawagulira limodzi ndi galimotoyo.

Nditafika, azimayi a m'mudzi analuluta, ana anadziyang'anira m'zitseko. Bambo anaizungulira kawiri, manja ali kumbuyo, kenaka anandiuza kuti nditsegule boneti. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kukayang'ana padzuwa. Oyiloyo anali mbee ngati uchi.

"Ameneyu tidzasintha liti?"

"Si lero, bambo. Mwina pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Ndiponso amasintha okha eni ake ku Lilongwe. Inu tsopano mupume."

"Nanga wakudayo amapita naye kuti?"

"Kaya. Amataya mwina."

Anabwezera kachitsulo kaja pang'onopang'ono, n'kupukuta zala pa buluku. Ine ndinaona ngati ndawachitira chifundo. Munthu wa zaka zawo, wa chifuwa, azikwawabe pansi pa galimoto? Ndinadzitama mumtima kuti ndine mwana wabwino.

Koma sanapume. Ndikangobwera ku ulendo, ndisanatsike n'komwe, iwo afika kale kuboneti. Kusolola kachitsulo, kuyang'ana, kupukusa mutu.

"Sanadebe."

"Ndiye ubwino wake umenewo, bambo."

"Oyilo wanji wosada? Ndiye kuti sakugwira ntchito."

Mwezi woyamba ndinkaseka. Ndinkauza anzanga pamsika kuti bambo anga akuchitira nsanje galimoto. Mwezi wachinayi kuseka kunatha. Ine ndine wamtima wapachala, aliyense pa Lizulu amadziwa, ndipo funso limodzimodzi likabwera kakhumi ndimayamba kuyankha ndi zitseko. Nthawiyo kunja kunali kutatentha, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri, anthu ali kalikiliki kumalizitsa mizere. Mvula inali pafupi, nyengo imene chiswe chimalusa, koma ine za chiswe zinalibe malo m'mutu mwanga.

Tsiku lina Lamulungu m'mawa, ndikutuluka kuti ndikatenthetse madzi osamba, ndinaona miyendo iwiri itatulukira kunsi kwa galimoto yanga. Pambali pake panali beseni lija. Ndinataya ndowa.

"Bambo! Mukutani pamenepo? Tulukani!"

Anayamba kudzikoka pang'onopang'ono, ine mawu akungotuluka okha. Ndinati kodi mukufuna kundiphera galimoto? Ndinati iyi si ngolo, si chiphakasa chija munazolowera. Ndinati zakumigodi zanu zinatha kalekale, masipanala anu akasungeni m'bokosi. Oyandikana nafe amene ankapita kutchalitchi anaima pamsewu. Ndinawaona, koma pakamwa sipanatsekeke.

Bambo anakhala tsonga pathumba, akutsokomola. Nati sanaimasule, sanaifikire n'komwe, chifukwa kunsi kwa injini kunali chivindikiro chimene masipanala awo sankagwira.

"Ndimangofuna pang'ono," anatero. "Botolo limodzi. Ndikanabwezeramo wina."

"Botolo la chiyani?"

Anandiyang'ana, n'kutola beseni ndi masipanala, n'kumapita kuseri. Kuyambira tsiku limenelo sanayandikirenso galimoto. Ndikafika ankandilonjera bwinobwino, kundifunsa za ulendo, koma za oyilo ayi. Ndinapeza zimene ndinkafuna, ndipo zinandiwawa kuposa mafunso aja.

Patapita sabata ndinapita kukanyumba kaja kukaona ngati mbewu ya mbatatesi yaphuka. Ndinawapeza atagwada pakhonde. Anali atakumba dothi kuzungulira tsinde la nsanamira imodzi, kuya ngati chikhatho. Chigubu chachikasu chija anali atachidula pakati ndi mpeni, ndipo ankapala mkati mwake ndi kansanza, kufuna timadontho totsalira. Kansanzako ankakapaka pamtengo, koma kanali kouma. Nditakweza maso ndinaona tinjira tadothi ta chiswe titakwera nsanamira ziwiri mpaka kudenga. M'munsi mwa nsanamira zonse munali mwakuda, kuda kwa zaka zambiri, ndipo ine ndinali nditadutsapo kosawerengeka osaona.

"Ndiye kumene mumapita naye oyilo kuno?"

"Kuno."

Ndinakhala pansi, pafumbi pomwepo, ndi chitenje changa chabwino. Anapitiriza kupala chigubu uku akulankhula, osandiyang'ana. Anati kale ankatenga oyilo kuchigayo cha dizilo cha kumunsi kwathu, koma chigayocho anachilumikiza ku magetsi. Mwamwayi m'pamene ndinagula pikapu yakale ija. Ndinafunsa chifukwa chimene sanatume munthu kukapempha kumagalaja a paboma.

"Ndikapemphe oyilo wakuda kwa anthu, mwana wanga ali ndi galimoto pakhomo? Anthu adzati chiyani za iwe?"

Kenaka anagwira nsanamira ija, n'kuyendetsa dzanja m'mwamba mpaka pamene panali mabala a nkhwangwa.

"Mitengo iyi anadula okha amayi ako kuphiri uko, n'kusenza umodziumodzi. Anali ndi pakati pa iwe. Taona mmene mabalawa apendekera, anali amanzere. Ine ndinali kuti? Ndinali pansi pa nthaka, kudyetsa oyilo makina a eni. Ndinabwera n'kupeza nyumba yatha, mwana akukwawa. Sindinaikepo ngakhale mtengo umodzi. Chimene ndingathe n'chokhachi, kuti chiswe chisadye."

"Nanga bwanji simunandiuze, bambo?"

"Unati tikagwetse."

Sanakalipe, anangonena.  Ndinachita manyazi, ndipo ndinalira, kulira kwenikweni kotuluka ndi mamina. Bambo anandisiya ndilire, kenaka anati ndisunthe, ndakhalira khasu lawo.

M'mawa mwake sindinapite ku Blantyre. Ndinatsuka zigubu ziwiri n'kulunjika ku Lilongwe. Mtsikana wolandira alendo kugalaja ya kumene ndinagula galimotoyo anayang'ana kabuku kanga n'kundiuza mwaulemu kuti nthawi ya sevisi sinakwane, ndikhoza kuyendabe mwezi wathunthu ndi kuposerapo.

"Ndikudziwa, achemwali. Sinthani basi. Koma oyilo wakaleyo musataye, mundithirire umu."

Anayang'ana zigubu zanga, n'kuyang'ana ine, n'kuluma mlomo kuti asaseke. Anati akafunse kaye. Mtima wanga unayamba kale kuwira, koma kunatulukira makaniko wina wachikulire, wa imvi m'ndevu, akupukuta manja.

"Chiswe, mayi?"

"Chiswe, bambo."

Sanafunsenso china. Wa galimoto yanga anathira m'chigubu chimodzi, chinacho anadzaza ndi wa magalimoto ena. Anandionetsanso sefa yakale ndi yatsopano, n'kundiuza kuti popeza ndimayenda m'fumbi ndi katundu wolemera, kubwera msanga sikulakwa, ngakhale oyiloyo ndi wolimba. Ndinaganiza kuti iyeyu ndi bambo anga akanagwirizana.

Ndinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Ndinangoika zigubu pamapazi a bambo, chifukwa kupepesa ndi pakamwa sindikudziwa bwino. Anatsegula choyamba, kuviika chala, kutikita, kununkhiza.

"Uyu si wa galimoto imodzi."

Anatsegula chachiwiri. Anatikita nthawi yaitali, akuyang'ana kumbali.

"Uyu ndiye wako. Ukuthamangabe." Anatikitanso. "Koma oyiloyu ngwabwino. Akanayendabe. Anthu ako a ku Lilongwe sananame."

Tinayamba m'mawa mwake. Ine ndinkakumba, iwo ankagwetsa tinjira tachiswe, kuthira oyilo m'tsinde, kupaka ndi nsanza yomangirira kukamtengo, kenaka n'kukwirira. Nsanamira zisanu zinali zolimba, chiswe chinangonyambita pamwamba. Titafika pa yachisanu ndi chimodzi, yapangodya, bambo anaigogoda ndi sipanala ndipo inalira ngati ng'oma. Anakanikiza ndi chala, chala chinalowa. Mkati monse munali dothi lokhalokha.

Anakhala pansi, nsanza ili m'manja. Sanandinene. Ndikanakonda akanandinena, chifukwa tonse tinkadziwa kuti miyezi imene ndinkaseka ija ndi imene chiswe chinkadya. Tinachirikiza denga ndi mtengo wa mphanda n'kuchotsa nsanamirayo. Chakumwamba kwake kunatsala kachidutswa kolimba, kotalika ngati mkono, kokhala ndi mabala atatu a nkhwangwa. Bambo anakadula bwinobwino ndi sowo, kukapaka oyilo, n'kukalowetsa m'nyumba.

Anati atuma munthu akadule bulugamu kumunda kwathu. Ndinati ayi. Ndinatenga nkhwangwa n'kupita ndekha. Ndinali ndisanagwetsepo mtengo chibadwire, manja anga anazolowera chiwongolero ndi foni. Nkhwangwa inkaterereka, kugunda apa, kugunda apo, ine ndikuutukwana mtengowo ngati ukumva. Unagwa dzuwa lili paliwombo, m'manja mwanga muli matuza okhaokha. Galimoto inali pakhomo, yoyera, yokhala ndi oyilo watsopano, koma mtengowo ndinausenza pamutu. Ndinapuma kanayi pa mtunda umene amayi akanauona ngati kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndinalibe pakati.

Nditauponya pakhonde, bambo anautembenuza ndi phazi. Anawerama n'kuyendetsa zala pamabala a nkhwangwa yanga, oipa, okhotakhota, ena pamwamba pa anzawo.

"Wauwisi uwu, udzapindika. Ndiponso wadula moipa."

"Ndikudziwa, bambo."

"Mopsa mtima. Ngati amayi ako."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Tinausenda makungwa, kuuimika, n'kuutsindira. Kumapiri kunali kutayamba kugunda. Bambo ataviika nsanza m'chigubu cha oyilo wa galimoto yanga, anayesa kugwada, koma maondo anakana. Anandipatsa kamtengoko.

"Yambira pansi," anatero. "Osathamanga. Kawiri pachaka, mvula isanagwe ndi ikatha. Ndikufuna ndione ngati udzathe ndikadzachoka."

Ndinagwada n'kuyamba kupaka, iwo ataima kumbuyo kwanga, dzanja lawo lakuda ndi oyilo lili paphewa la bulauzi yanga yoyera. Bulauziyo ndinaichapa kangapo, koma zala zisanu zija sizinachoke, ndipo ndinaleka kuichapa.