Phazi la pa khonde

Khonde la nyumba ya amayi ku Nathenje lidang'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe, mpaka madzi a mvula ankalowa m'maziko. Ine ndi alongo anga tidagwirizana zoliphwanya n'kuthira simenti ina. Amayi adavomera, koma pa chinthu chimodzi adakanitsitsa. Pakona yakunja panali phazi la mng'ono wanga, amene adaponda simenti yaiwisi akuphunzira kuyenda. Malungo adamutenga chaka chomwecho. Chithunzi chake tinalibe, chidatsala ndi kaphaziko basi.

Nyundo idakanika, poti malemu bambo sankaumira simenti. Ndiye tidaitana bambo wina wa ku Mitundu, wa makina ophwanyira konkire oyendera jenereta. Tsikulo amayi anali kudimba. Bamboyo atangoliza jenereta, akuti mafuta achepa. Ha! Munthu kubwera ku ntchito wopanda mafuta? Ndidatenga chigubu chokagulira mafuta ndikung'ung'udza, n'kukuwa pakati pa phokosolo: "Bambo, phwanyani lonse, koma musiye phazi!" Ndidaloza ndi mlomo, poti manja anali ndi chigubu ndi chitenje.

"Phazi limodzi?" adafunsa.

"Nanga alipo angati? Limodzi lomwelo!"

Pobwera ndidapeza mafuta otsala aja adakwanira ndithu. Khonde lonse linali zibenthu zokhazokha. M'mbali mwa khoma mudatsala kamzere ka simenti kowongoka bwinobwino, ndipo bamboyo adandionetsa monyadira. Adayeza ndi tepi phazi limodzi kuchokera kukhoma.

Ndidalalata, sindinama. Ndidawafunsa ngati maso adasiya ku Mitundu. Atamva za mwanayo adavula chipewa. "Pepani mayi, kwa ife amisiri phazi ndi muyeso. Fumbi linali litakwirira, sindinaone kanthu." Adagwada n'kuyamba kutembenuza zibenthu, ine pambali pawo.

Amayi adatipeza tili chogwada chomwecho. Adatula khasu, natola chibenthu, kuchipukuta ndi chitenje, kuchiyang'ana, n'kuchiika pambali. Kenako china.

Khonde latsopano tidathira sabata yomweyo. Womanga adafuna zibenthuzo kuti aponyere pansi pa simenti, amayi adati ayi, zituteni muziunjike kuseri. Muluwo ulipobe. Akachoka kudimba amakhala pamenepo pang'ono, ati sanamalize kuyang'ana.