Malonje a ku Germiston

Ntchito ya ku Germiston anandipezera ndi amalume, ndipo sankalola kuti ndiiwale zimenezo. Sukulu ndinali nditaisiyira pa Fomu 2, Joni ndinalowa chokwawa pansi pa waya, choncho mwa nzeru zawo munthu ngati ine sankayenera kufunsa kuti ntchitoyo ili kuti. Ndinafunsabe.

"Ndi pompa," anatero, akuloza ndi milomo.

Mmalawi akakuuza kuti ndi pompa, konza kamba.

Tinkakhala ku Duduza, m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba ya eni ake. Amalume ankalondera sitolo ina ku Nigel, ndipo njinga yawo inkawafikitsa kumeneko tiyi asanazizire m'mimba. Amenewo ndiwo anali katswiri wanga wa za mitunda.

Pompa wawoyo anali wotere. Ndinkadzuka kunja kuli bii, kupukuta kumaso ndi madzi oluma ngati lumo, n'kukaima pamzere wa takisi ya ku Springs. M'takisimo ndinkakhala duu ngati mkamwini watsopano, chifukwa ukangoyasamula Chizulu chako chopindika chimakuulula, wina n'kuyamba nyimbo ya makwerekwere, dzina lokoma lomwe anatipatsa ife obwera. Ku Springs ndinkakwera sitima. Sitimayo inkaima pa Brakpan, pa Benoni, pa Boksburg, ndi pena paliponse pomwe yafuna, ngati galu wopatsa moni mitengo. Nthawi zina inkangoima pakati pa tchire kuti iganize za moyo wake. Bogi ina inkakhala ya mapemphero, ina ya anyamata okonda kudziwa za m'matumba mwa anzawo. Ine ndinkasankha ya mapemphero. Sikuti ndinali nditatembenuka mtima ayi, koma manja akakhala m'mwamba kutamanda Mulungu sapisa m'thumba.

Ndikafika kunyumba yosungira katundu komwe tinkapakira makatoni a sopo m'malole, kapitawo ankayang'ana wotchi yake kenako n'kuyang'ana ine, ngati kuti sitimayo ndinkayendetsa ndine.

Nditadandaula, amalume anandiyankha ndi mbiri ya m'migodi.

"Ife tinkatsika pansi pa nthaka, mphwanga. Iwe ukulira chifukwa chokhala pampando?"

"Mpando wake uti, malume? Ndimaimirira njira yonse."

"Kumudzi sunkayenda wapansi popita kusukulu?"

"Ndinkayenda. N'chifukwa chake ndinaisiya."

Pa siteshoni ya Germiston panali mnyamata wa ku Mangochi wogulitsa zipeso ndi malalanje. Iye ndi anzake ankagona m'chipinda china chapafupi ndi mafakitale, ndipo anati pakona pali malo a munthu mmodzi woonda. Nditawauza amalume, nkhope yawo inachita ngati ndawatukwanira manda.

"Mwana wa mlongo wanga akagone kwa anthu ine ndili moyo? Kumudzi adzati chiyani? Ukatuluka pakhomo pano, usadzanditchulenso malume."

Mawu amenewo sanali opepuka. Ku Joni wopanda mapepala amakhala ndi mbale wake basi. Ukagwidwa, wokufunafuna ndi iyeyo. Ukafa, wotumiza mtembo ndi iyeyo. Ndiye ndinameza malovu n'kupitiriza kuteteza ulemu wa amalume ndi miyendo yanga. Miyezi inapita. Ndinkachoka mumdima, n'kubwera mumdima. Mukanandifunsa mtundu wa chitseko chathu ndikanakuuzani kuti ndi chakuda, pomwe chinali chobiriwira.

Nthawi ya dzinja la kuno, dzuwa likamachedwa kulowa, kunabwera achimwene awo a anti, akazi a amalume. Anali bambo wachikulire wa ku Ntcheu, wodzafuna ntchito ya m'maluwa. Poti kwathu kunali kothina, ankagona kwa Mmalawi mnzathu wa nyumba yoyandikana. Ndinkangomva kuti kuli mlendo. Anakhala masiku angapo osandiona, inenso osawaona.

Tsiku lina sitima inalakwitsa n'kusunga nthawi, ndipo ndinafika kunja kukuonekabe. Ndinapeza onse ali panja. Bambo aja atandiona ndikulowa pampanda, fumbi mpaka m'nsidze, kachikwama kali paphewa, anadzambatuka. Anandilandira chikwama ndi manja awiri, n'kundipatsa mpando wawo.

"Achemwali, madzi akumwa a alendo!"

Anti anatsegula pakamwa kuti awongole, koma amalume anawatsinzinira diso. Ankafuna kuseka. Bambo aja ananjuta, n'kuwomba m'manja mwaulemu wonse wa kwathu.

"Takulandirani, bambo. Kaya malonje?"

Kwathu malonje safunsa munthu wochokera kudimba. Amafunsa wa paulendo, kuti afotokoze komwe wachoka ndi zomwe waona m'njira. Ndinayang'ana amalume, mapewa awo akugwedezeka ndi phwete. Ndinati chabwino, mwafuna malonje, muwamva. Ndinawomba m'manja nanenso.

"Zikomo, bambo. Ndanyamuka ku Germiston dzuwa litapendeka. Kumeneko ndasiya ali bwino, kupatula kapitawo amene akudwala matenda a wotchi. Ndadutsa Boksburg mwamtendere, nditaimirira ndi mwendo umodzi. Pa Benoni mayi wina wandiponda, ndapepesa ndine. Pa Brakpan alowa apolisi ofuna mapepala, ndiye ndatseka maso n'kuyamba kupemphera mokweza pakati pa amayi a mpingo mpaka atatsika. Ku Springs ndadikira takisi mpaka njala yandisiya yokha. Kenako ndi pano mukundionapa. Malonje ndi omwewo."

"Pepani, pepani," anatero bambo aja akupukusa mutu. "Mwayenda ndithu. Mulungu ndi wamkulu. Ndiye mukhala nafe mpaka liti?"

"Ndibwerera mawa m'mamawa."

"Aa! Ulendo wonsewu kudzangogona?" Anatembenukira kwa amalume. "Alamu, mlendo ameneyu musamulole. Apume kaye ngakhale mpaka Lamulungu. Munthu si lole."

Anti analephera kupirira. "Achimwene, ameneyu ndi wa pakhomo pano. Ndi mphwawo wa alamu anuwa. Amapita ndi kubwera tsiku lililonse."

Bambo aja anandiyang'ana, n'kuyang'ana amalume.

"Tsiku lililonse? Analakwa chiyani?"

Palibe anaseka. Amalume anayamba kufufuza kanthu kena pa tcheni cha njinga yawo.

Ine sindinaphunzire kwambiri, koma pamenepo ndinapeza muyeso wanga, ndipo sindinausinthe mpaka lero. Ukaweruka kuntchito n'kufika kwanu, anthu n'kukulandira chikwama ndi kukufunsa malonje, kumeneko si kwanu. Ndiwe mlendo wodzagona, ndipo ntchitoyo kapena nyumbayo, chimodzi chiyenera kuchoka.

Lamulungu lake ndinapinda bulangete langa. Amalume anali atakhala pakhomo akupukuta nsapato zopita nazo kutchalitchi.

"Malume, ndikupita ku Germiston."

"Ndinakuuza kale mawu anga."

"Ndinawamva."

"Mayi ako adzamva kuti unathawa pakhomo panga ngati wakuba."

"Muwauzenso kuti tsopano ndizigona tulo tokwanira."

Amalume anapitiriza kupukuta nsapato zawo. Anti anandipatsira mpunga wa m'kapepala kuseri kwa nyumba, bambo a ku Ntcheu aja n'kundiperekeza mpaka pamsewu akupepesa ngati mlandu ndi wawo.

Amalume anasunga mawu awo. Kumudzi kunafika mbiri yoti Joni wandilowa m'mutu, ndipo tikakumana pa maliro a Amalawi ankandipatsa moni wa munthu wongodziwana naye pamsika. Zinandiwawa, sindinama. Ku Germiston ndinkagona pakona, mutu utatsamira thumba la malalanje, anzanga akudzuka m'bandakucha kukaswali n'kumandilumpha. Ine ndinkangotembenuka n'kufunda bwino, mpaka fakitale ya tsidya la msewu italiza wezulo.