Nchito ya Atate ku Siteshoni ya Sola

Atate anawapumitsa nchito ku fakitale ya fataleza akadali ndi mphamvu zawo. Anali fita, munthu wa masipanala, ndipo kukhala pakhomo kunkawapweteka kuposa nyamakazi. M'mawa ankavala ovolosi n'kukhala pansi pa mango, kudikira kuti njinga ya munthu iwonongeke. Ine ndinali nditabwerera kwa makolo ndi furiji yanga, ndikugulitsa nsomba za ku Chanyanya. Malaiti ankapita tsiku ndi tsiku, nsomba n'kuyamba kununkha, amayi n'kundithamangitsira nazo panja.

Kenako kunamveka kuti kampani ina yamagetsi ikumanga siteshoni yatsopano ya sola kunja kwa tauni, cha kumsewu wa ku Lusaka. Anabwera pa Boma ndi tenti ndi masipika. Mkulu wawo anati makinawo ndi amakono: satulutsa utsi, samwa dizilo, safuna kukonzakonza. Tonse tinaomba m'manja. Atate anaomba kuposa aliyense, ndipo ndikhulupirira kuti mawu omalizawo sanawamve.

Kutchalitchi kwathu abusa analengeza kusala kudya kuti nchito zibwere. Atate, amene ankati mapemphero a Apente ndi phokoso chabe, anadzakhala kutsogolo, maso ali tseke. Anyamata anapezadi maganyu okumba maenje, maenje atatha nawonso anatha. Atate a kampani anawaitana kumapeto, siteshoni itatsegulidwa kale. Anapukuta mabutsi, ananyamula bokosi la masipanala, napita ngati mkwati.

Madzulo anabwera n'kukhala pampando.

"Zayenda, atate ake? Makina ali bwanji?" amayi anafunsa.

"Ali bwino. Ni yambiri maningi."

"Nanga imwe mugwira chani?"

"Niyang'anira."

Nshima anadya osayang'ana munthu. Mawa lake bokosi la masipanala linatsala pansi pa bedi.

Ndinazidziwa tsiku lina ndili pa minibasi yopita ku Lusaka. Kondakita anaimitsa kuti akweze munthu pafupi ndi waya wa siteshoni. Mkati munali magalasi a sola mizeremizere, akunyezimira mpaka kuwawa m'maso. Pansi pa magalasiwo panali nkhosa zikudya udzu. Kumbuyo kwa nkhosazo kunali atate anga, chipewa cholimba kumutu, kajekete konyezimira pachifuwa, kamtengo m'manja.

Kunyumba ndinadikira kuti amayi apite kumsika ndisanawafunse. Anandifotokozera ngati akufotokoza injini. Udzu ukakula umaphimba magalasi, ndipo ukauma umaitana moto. Makina otchetchera amaulutsa miyala n'kuswa magalasi. Mbuzi zimakwera pamwamba n'kutafuna mawaya. Nkhosa zokha ndizo zili ndi khalidwe. Siteshoni yonse ankaiyendetsa achinyamata ochepa okhala m'chipinda chozizira ndi makompyuta, ndipo sipanala panalibe poigwiritsa nchito.

"Ninathawa ku Petauke nili mnyamata chifukwa chotopa na ng'ombe za amalume," anatero. "Manje ona. Koma usauze amako."

Sindinawauze, koma nditayesa kuzungulira nkhaniyo amayi anangoseka. "Iwe, masokosi awo amachapa ndani? Magetsi sanunkha choncho."

Lamulungu atate anaimirira kupereka umboni kuti Mulungu wawapatsa nchito ku siteshoni ya magetsi, mbali yosamalira makina. Tchalitchi chonse chinafuula ameni. Kuyambira pamenepo, malaiti akapita, anansi ankabwera pakhomo pathu. "Ba fita, yabwera liti?" Atate ankayang'ana kumwamba, n'kuyankha mwaulemu kuti, "Tikali kusewenzelapo." Malaitiwo ankapitabe. Mtsikana wina wa m'chipinda chozizira chija anauza atate kuti magetsi a pa siteshonipo amalowa m'mawaya akuluakulu n'kukagawidwa dziko lonse, komboni yathu n'kulandirako chimodzimodzi ndi ena. Ine ndinagulitsa furiji n'kuyamba nsomba zouma.

Chodabwitsa n'chakuti nkhosazo anayamba kuzikonda. Ankabwera ndi nkhani za imene ili ndi mwano ndi imene imatsimphina. Tsiku lina mvula ikugwa, ina inaswa mwana pansi pa galasi, atate n'kumufunditsa mwanayo kajekete kawo. Mwangozi tsiku lomwelo kunali alendo ochokera ku likulu la kampani, ndipo mmodzi anajambula.

Patapita miyezi chithunzicho chinaikidwa pa chikwangwani chachikulu m'mbali mwa msewu. Pali magalasi, pali utawaleza, pali kankhosa. Atate anawadula mutu pachithunzipo, anangosiya mikono yonyamula. Sanadandaule. Mpaka lero, minibasi ikafika pamenepo, amagwira phewa la amene wakhala naye pafupi n'kuloza pawindo.

"Mwaona manja yaja? Ni yanga."