Mayi wa Kadengu ka Nsomba M'buku la a Ruben

Loweruka lapitali ndinalembedwa ganyu yonyamula ambulera. Bwana wake anali a Ruben, bambo wachikulire wa ku Philippines amene timakhala naye mdadada umodzi kuno ku Madaraka, m'dziko la Kenya. Akusungidwa ndi mwana wawo wamkazi, yemwe amagwira ntchito ndi mayi a kunyumba kwanga. Mawondo awo ndi ovuta ndipo maminibasi a kuno, otchedwa matatu, amawaopa, ndiye anandipempha kuti ndiwaperekeze m'tauni kwa oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu.

Ine ndinkayesa tikukagula Baibulo la zilembo zikuluzikulu. Ayi ndithu. Munthu wamkulu yense uja anakagwada pa mulu wa timabuku ta nthano za zithunzi, tija ta zimphona zouluka. Ndisaname, manyazi anandigwira. Kwathu wa imvi akapezeka ndi zoterezi timati mutu wayamba kubalalika.

"Mukufunira adzukulu?" ndinafunsa.

"Ndikufuna nkhope ya mkazi wanga," anayankha osadzutsa mutu.

Nkhani yake ndi iyi. Moyo wawo wonse a Ruben ankajambula timabuku timeneti. Anayamba ali mnyamata ku Manila, nthawi imene anthu ankatibwereka pa okala n'kuwerengera pabenchi pomwepo. Msika utazilala kwawo, anayamba kulandira ntchito za makampani a ku America. Wina kutsidyako ankalemba nthano, wina n'kujambula ndi pensulo, kenako masambawo ankabwera kwa a Ruben kuti adutsemo ndi inki ndi kaburashi, aike mithunzi, adzazemo anthu ongodutsa kumbuyo. Pa mabuku ambiri dzina lawo silinalembedwe n'komwe.

Ndiye anapeza nzeru. Paliponse pofunika khamu la anthu ankaikapo mayi wa kadengu ka nsomba m'manja, wa kachipsera pachibwano. Anali akazi awo, a Luz, mmene anawaonera koyamba pamsika. Mabwana aja sanazindikirepo.

A Luz anamwalira. Zithunzi zakale ndi zojambula zonse zinapita ndi madzi osefukira amene analowa m'nyumba mwawo. Zotsala ndi za m'foni, a Luz atakalamba kale, akudwala.

"Nkhope ya utsikana wake yayamba kundithawa," anatero a Ruben. "Dzanja nalo likunjenjemera, sindingaijambulenso."

Apa ambulera ndinaigoneka pansi, nane n'kugwada. Wogulitsa ataona madoda awiri akusanthula katundu wake anafunsa m'Chiswahili ngati tigula kapena tabwera kudzawerenga ulere. Nditamufotokozera anangoti, "Pole, mzee," kutanthauza kuti pepani achikulire, n'kutitulutsira katoni ina pansi pa tebulo.

Tikutembenuza masamba choncho ndinayamba kudzifunsa. Zithunzi za m'mabuku athu a ku pulayimale, zija tikuzikumbukira mpaka lero, anajambula ndani? Nanga mitu yometedwa bwino ija pa makoma a ometa tsitsi ku Ndirande? Mwini shopu timamudziwa, ndi galimoto yake yomwe, koma wa burashi timangoti "winawake wa ku msika". Mwana akamajambula kumapeto kwa kope timamulanda pensulo, ati akuwononga mapepala. Chonsecho burashi yomweyo inaphunzitsa ana onse a a Ruben, mmodzi ndi uyu akuwasunga kuno.

Ndinawafunsa ngati zosalembedwa dzinazo zimawawawa. Anaseka.

"Ndinkadzuka m'mawa kuchita chimene ndimakonda, Luz ali kukhitchini akundikalipira kuti inki yadetsa malaya. Ndidandaule chiyani?"

M'katoni yachiwiri ija munali kabuku kopanda chikuto, konunkha chinyontho. Chala cha a Ruben chinaima pakati pake. Kutsogolo chimphona chikugwetsa nyumba, anthu ali balala kuthawa. Pakona, wochepa ngati njere ya chimanga, panali mayi wa kadengu. Iye yekha sankathawa, ankayang'ana ife. Kachipsera kali pomwepo pachibwano.

Sanalire. Anapukuta magalasi, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Luz, unafika liti ku Kenya kuno osandiuza?"

Amene anatsala pang'ono kuchita manyazi pagulu ndine, misozi ili lengelenge.

Pobwerera mvula inatipeza tisanafike pokwerera matatu. A Ruben anakumbatira kabuku kaja ndi manja onse awiri patsogolo pawo, n'kundiuza kuti ambulera ndiitsitse pamenepo, mitu yathu ndiisiye. Tinafika ku Madaraka titanyoweratu tonse awiri, koma a Luz silinawagwere ngakhale dontho limodzi.