Nyemba zanga zinapita ku Tete, ine ndinatsala ndi beseni

Ndili kalasi ya khumi ku Ulongwe, ndinatha miyezi itatu ndikuwerenga zibowo za anankafumbwe. Ndinatapa nyemba za amayi anga kwathu ku Lifidzi n'kuzithira m'mabotolo: zina ndi phulusa, zina ndi masamba a ombwe osinja, zina zokhazokha. Lachisanu lililonse ndinkazikhuthulira palichero n'kulemba m'kope zimene zabooledwa. Anzanga ankati ndazungulira mutu. Sindinkawalabadira, chifukwa tinauzidwa kuti kubwera alendo a ku Tete kudzasankha wophunzira mmodzi wokaonetsa ntchito yake ya sayansi kumeneko, ndipo wosankhidwayo ankalipiriridwa maphunziro. Kwa ine mwana wa mlimi, khomo linali lomweli basi.

Tsono pasukulu pathu panali mwambo umene unkatchedwa ulemu. Alendo akabwera, atsikana okhoza bwino m'kalasi ndiwo ankamanga chitenje cha kapulana, kukonza chakudya ndi kuwasambitsa m'manja atagwada. Ukakhala wanzeru, mphoto yako inali beseni.

Tsikulo nditangondanda mabotolo anga patebulo, aphunzitsi a sayansi anandikodola.

"Mwana wanga, thamangira kukhitchini, alendo afika kale."

"A pulofesoli, nanga mabotolo angawa afotokoza ndani?"

"Aaa, za nyemba zomwezi? Shefi wa turuma afotokoza. Iwe ndiwe waulemu, usatichititse manyazi."

Shefi wa turumayo, mnyamata wotsogolera kalasi yathu, sankadziwa n'komwe ngati ombwe ndi chitsamba kapena nsomba. Ine ndikusenda kachewere kuseri, ndinkamumva pawindo akuwerenga kope langa mododoma, mpaka kulakwitsa manambala amene ndinalemba ndekha. Alendo anaomba m'manja. Mnyamatayo anandidyera masuku pamutu masanasana, aphunzitsi akumwetulira ngati abereka mwana wamwamuna.

Nthawi ya chakudya ndinalowa ndi jagi ndi beseni n'kuyamba kugwadira mmodzimmodzi. Womaliza anali mayi wa magalasi, wasayansi weniweni, woyamba kumuona ndi maso angawa. Ndiye amene anali atalemba dzina la mnyamata uja kuti apite ku Tete, pamodzi ndi mabotolo anga. Ndikuwathira madzi, anandiyang'ana mwachifundo.

"Mwana wanga, wamuona mnzako uja? Kulikonse kumene tikupita, patebulo la sayansi tikupezapo anyamata okhaokha. Atsikana inu mukuopa chiyani?"

Mawu anali atafika pakhosi. Ndikanangoti kope lija n'langa, aone kalembedwe, andifunse chilichonse. Koma aphunzitsi anali ataima pakhomo, ndipo ife tinaleredwa kuti wogwada sabwezera mlendo mawu.

Lero ndimagulitsa mbewu kumsika wa pa Kalomwe. Aphunzitsi aja ndinasiya kalekale kuwakwiyira. Chimene chimandinyansa mpaka pano ndi pakamwa pangapa, chifukwa ndinayankha kuti, "Zikomo amayi, tiyesetsa," n'kuwapatsa chopukutira m'manja.