Mzere wachinayi wa Tisa

Sabata yathayi anandiitana kusukulu ina ku Vubwi kuti ndikaweruze nawo mpikisano wa ndakatulo. Wopambana anali woti apite ku Chipata. Mnzanga pa ntchitoyi anali aZulu, mphunzitsi wa ku Katete, munthu wabwino koma wokonda kuwerenga ndi zala.

Ana asanayambe kulakatula, tinapatsidwa mapepala awo. AZulu anakwinya nkhope pa ndakatulo ya Tisa, mtsikana wa giredi leveni.

“Iyi yafeluka kale, abwana. Ndime zonse zili na mizere itatu chabe, wachinayi ulibe. Mawu otsiriza sagwirizana. Mwana uyu sanatsirize homuweki.”

Ine ndinati timumve kaye.

Tisa anaima kutsogolo, nayamba:

Amayi alawira, dengu pamutu,
Mame m'miyendo, mwana kumsana,
Ndani awatula?

Kenaka anangoti zii. AZulu anandigwira pabondo poganiza kuti waiwala. Koma mayi wina kumbuyo, mwa makolo amene anabwera kudzaonerera, anayankha mokweza kuti, “Palibe!” Pa ndime yachiwiri amayi onse anavomera. Pa yomaliza Tisa anafunsa kuti, “Mawa ndani adzawatula?” ndipo ana asukulu anayankha onse pamodzi: “Ife!”

Ine misozi inalengeza, sindibisa.

Mzere wachinayi unalipo, owerenga anga. Tisa anausiyira anthu, monga amachitira wotsogolera nyimbo kumaliro kapena kuukwati. Kodi alipo wa kuno amene anaphunzitsidwa m'kalasi nthawi yovomera nyimbo?

Kuyeza ndakatulo sikulakwa ayi. Mwana azidziwa ndime, kutalika kwa mizere, ndi pamene mawu akugwirizana. Chimene chimandipweteka n'chakuti timayezera papepala pokha, mwana ali chete. Tikatero amayamba kuthamangitsa mawu ofanana mapeto, ngakhale akhale opanda mchere, kuti asangalatse cholembera chofiira. Angati alekeratu kulemba atauzidwa kuti sanatsirize?

Koma aZulu ndiwayamikire. Paja amati wamkulu sauzidwa. Anafufuta okha malikisi awo, naitana Tisa.

“Iwe, ku Chipata anthu sakudziwa. Akakangokhala chete uzachita bwanji?”

“Ndidikira, aphunzitsi,” anatero mtsikanayo. “Nawonso ali ndi amayi awo.”

Tisa akupita ku Chipata. Nanga inu aphunzitsi, mawa musanagwire cholembera, mumulola mwanayo aimirire?